Nganda, Phiri la ku Nyika, ndi Anthu Amene Adatsikako

Munthu akaima pa chigwa cha Nkhamanga, kumene Themba la Mathemba Chikulamayembe ali ndi bwalo lake ku Bolero, nakweza maso chakumpoto, amaona khoma lalitali la mapiri lotambalala kuchokera kuvuma kufikira kuzambwe, kawirikawiri litafunda mitambo. Ndipo ngati eni dziko sanamuuze, sangaganize konse kuti pamwamba pa khomalo pali dziko lina lathunthu, lozizira, la udzu waufupi ndi mphepo yosaleka, kumene ina mwa mitsinje ikuluikulu ya chigawo cha kumpoto imabadwira. Dzikolo ndilo Nyika, ndipo nsonga yake yoposa zonse ndi Nganda, imene oyeza malo amati ndi yotalika mamita 2,607. M'Malawi muno ndi nsonga za ku Mulanje zokha zimene zimaiposa, kumene Sapitwa amafika mamita 3,002. Koma pamene Sapitwa amaopseza munthu akadali patali ndi matanthwe ake, Nganda alibe matama otero, pakuti wakhala pamwamba pa mtunda umene uli kale kumwamba. Chotero ntchito yaikulu ya ulendo wa kumeneko imagwera galimoto, miyendo nkungotsiriza.

Ife tidanyamuka ku Mzuzu kusanache, m'mwezi wa Juni, mvula itatha koma utsi wa moto wolusa usanayambe kuphimba mapiri. Tidapyola pa Ekwendeni, pamene amishoni a ku Scotland adakhazika malo awo pakati pa Angoni mu 1889, ndipo titapatuka pa msewu waukulu tidafika pa Njakwa, pamene mtsinje wa South Rukuru, utayenda mwaulesi m'zigwa za Mzimba, umapanikizika pakati pa mapiri awiri nuyamba kuthamanga. Kupitirira Rumphi chigwa chimatseguka, minda ya fodya ndi chimanga mbali zonse, ndipo aliyense wodziwa mbiri sangadutsepo wosakumbukira Mlowoka, mkulu wamalonda amene adaoloka nyanja cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kudzafuna minyanga ya njovu, nagawira eni dziko nsalu, mikanda ndi makasu, kufikira ulendo wake wa malonda udasanduka ufumu umene ulipo mpaka lero. Chaka ndi chaka Atumbuka amasonkhana ku Bolero pa mwambo wa Gonapamuhanya kukumbukira zimenezi. Ife tidangoimapo kugula nthochi ndi kufunsa za msewu.

Za msewuwo sindinena zambiri. Phula likatha pamayamba fumbi, mabampu ndi miyala, ndipo amene adapitako nyengo ya dzinja amasimba zoopsa kuposa zathu. Komabe akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo wofuna kuona Nyika asadandaule msana. Pa chipata cha Thazima, cholowera m'paki ya Nyika, tidalemba maina m'buku la alendo ndi kulipira, a gemu natiuza kuti kwatsala makilomita ngati 60 kuti tifike ku Chelinda, malo ofikira alendo pamwamba pa phirilo. Poyamba njira imakwera m'nkhalango ya mitengo ya mombo ndi misuku, kenaka imatsata malire a dziko lino ndi Zambia, mwina nkulowako pang'ono popanda wofunsa chiphaso, popeza kachigawo ka phiri lomweli kali m'dziko la anzathuwo ndipo nawonso adakapatula kukhala kosungirako nyama. Ndipo mwadzidzidzi mitengo idatha. Patsogolo pathu padatambasuka zitunda zosawerengeka, zosalala, zotsatana mpaka kumene maso amalekezera, zonga mitanda ya nsima yoomoledwa bwino ndi chipande. M'makwawa mokhamokha ndimo mudatsala timagulu ta nkhalango yobiriwira kwambiri, mmene moto sufikamo. Mbidzi zidatiyang'ana osathawa, zilembwe zidaima patali ndi nyanga zake zopindikira kumbuyo, ntchefu zidatsika phiri mwaulemu wake, ndipo mphoyo zidaliza mluzu m'dambo.

Ku Chelinda mlendo amadabwa kupeza nkhalango ya paini yakuda bii pakati pa udzu, ndi madamu m'mene muli nsomba za trout zochokera kunja. Ndipo mbiri ya mitengo imeneyi ndiyo khomo la mbiri yonse ya masiku a azungu kumtundaku. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la Britain lidakhazikitsa bungwe lotchedwa Colonial Development Corporation, loti lifunefune chuma m'maiko amene ankawalamulira, ndipo mu 1949 bungwelo lidatuma Laurens van der Post, mzungu wobadwira ku South Africa, kuti akazonde mapiri a Mulanje ndi Nyika. Iye atabwerera kwawo adalemba buku lotchedwa Venture to the Interior, limene lidatuluka mu 1952 ndi kugulidwa kwambiri ku Ulaya. Zaka zotsatira bungwe lija lidabzala paini ku Chelinda poyesa ngati mitengo yopangira mapepala ingakule kumeneko. Idakula ndithu, koma njira yoitsitsira kumsika idali yaitali ndi yovuta, kotero kuti ntchito yaikulu ya mitengo yotere idakakhazikika ku Chikangawa, pa mapiri a Viphya, ya ku Chelinda nitsala ngati mboni ya maganizo amene sadafike pamapeto.

Buku lija lili ndi mawu okoma, ndipo sindikana kuti lidatchukitsa phirili. Koma mlandu wanga ndi ilo ngwakuti lidajambula Nyika ngati dziko lobisika, losadziwika, lodikira mzungu woyamba kudzaliona, pamene Richard Crawshay, amene mbidzi za kuno zimatchedwa ndi dzina lake m'mabuku a akatswiri, adali atakwerako kale m'zaka za m'ma 1890, pamene amishoni a Dotolo Robert Laws adali atakhala pa Khondowe, m'mphepete mwa phiri lomweli, kuyambira mu 1894, ndiponso, choposa zonse, pamene anthu akuda adali atayenda m'njira zake mibadwomibadwo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame awa adasiya chithunzi chimene chidakhalitsa m'mitu ya olamulira, chakuti kumtundaku kulibe mwini.

Eni ake adaliko, ndipo umboni wake suchita kufunafuna. Kummwera kwa mtundawu kuli thanthwe lotchedwa Fingira, lokhala ndi phanga m'chuuno mwake, m'mene ofukula zakale adapezamo m'zaka za m'ma 1960 mafupa a anthu, zida zamiyala, mikanda ya zigoba ndi zojambula pakhoma. Ndipo pamene mafupawo adayezedwa ndi nzeru za masiku ano, ena adapezeka kuti ndi a anthu amene adakhalako zaka ngati 6,000 zapitazo, alenje ndi otola zipatso amene adalipo alimi asanafike, onga aja makolo athu amawatcha Akafula. Pambuyo pawo padadza osula. M'malo ambiri m'mapiriwa mudakali zotsalira za ng'anjo zadothi m'mene ankasungunulamo miyala kuti atulutse chitsulo cha makasu, nkhwangwa ndi mikondo, ntchito yolemekezeka ndi yamiyambo yambiri, imene inkadya makala ochuluka. Ndipo akatswiri ena amaganiza kuti nkhwangwa za osulawo pamodzi ndi moto wa alenje zidathandiza kuchepetsa nkhalango, ngakhale ena amati udzuwu ngwakale kuposa anthu. Ndiye pali Kaulime, kanyanja kokhako kachilengedwe pamtunda ponsepo, kamene kali kufupi ndi Chelinda. Akuluakulu amasimba kuti m'menemo munkakhala njoka yaikulu ya mizimu, ndipo kuti pa chilala anthu ankapita kukathira nsembe m'mphepete mwake kupempha mvula. Mchewa womva zimenezi sadabwa, chifukwa kwathu nako tidali ndi Thunga wa ku Msinja, ndipo a kummwera mpaka lero amatchula Napolo phiri likagumuka.

Anthu amene mbiri ya phirili yawamatirira kwambiri ndi Aphoka, a chilankhulo cha gulu la Chitumbuka, odziwa kulima m'malo otsetsereka pamene wina sangaimepo n'komwe. Pamene Angoni a M'mbelwa adafika m'zigwa za Henga ndi Kasitu cha m'ma 1850, mfumu yawo Zwangendaba atamwalira ku Ufipa, ambiri a m'chigwa adagwidwa kapena kupereka mtulo; koma a m'mapiri adakwera chokwera, namanga timakumbi tobisika m'mapanga ndi m'zigwembe, napirira chisanu ndi njala kusiyana ndi kugonja. Phiri lidali linga lawo. Izi ndazitchula dala, kuti womvetsera asunge mumtima kuti anthuwa adapulumuka pa mkondo wa Mngoni chifukwa cha Nyika.

Ku Chelinda tidatengana ndi msilikali wa gemu, mwamuna wa msinkhu wapakati, wofatsa, mfuti paphewa ndi chikhoti chokhuthala. Pakuti safunsa adadya phula, ndipo kumtundaku nkhungu ikatsika zitunda zonse zimafanana. Njira ya ku Nganda imalowera chakumpoto chakuvuma, mtunda wa makilomita ngati 30, mizere iwiri ya matayala m'udzu, ndipo m'madambo mmene dzuwa linali lisanafike udzu udali wotuwa ndi chisanu chimene chimaugwira usiku m'miyezi imeneyi. Pamene njira idathera tidasiya galimoto. Kuchokera apo phirilo limaoneka lapafupi ndi lofatsa, koma udzu wake umamera m'zitsinde zolimba zimene zimapotoza phazi, ndipo mpweya wa kumwambako ngwopepuka, kotero kuti munthu wa m'chigwa amayamba wefuwefu asanapite patali, mtima ukugunda m'makutu. Mnzathu wa gemu ankayenda patsogolo osafulumira, akuima apa ndi apo ngati akuyang'ana mapazi a nyama, koma ine ndidazindikira kuti ankatipumitsa mwaulemu kuti tisachite manyazi. Pena adationetsadi ndowe za fisi zoyera mbuu, pena phazi la kambuku pa dothi lonyowa, natiuza kuti akambuku ngambiri kuno ngakhale saoneka wamba.

"Adada, musathamangire nsonga," adatero ataona ndikulimbikira. "Phiri silisamuka. Pondani pamene ndaponda ine."

Chigawo chotsiriza nchotsetsereka ndithu, ndipo mphepo idatikankha ngati ikutikaniza. Koma titafika pamwamba, taonani, dziko lonse la kumpoto lidagona pansi pathu. Kuvuma, pansi kwambiri, nyanja idang'anima, ndipo kutsidya kwake mapiri a Livingstone a m'dziko la Tanzania adaima ngati khoma lina loyankha lathuli. Kumpoto nsonga za Mpanda ndi Kawozya zidatuluka m'zigwa zakuya zotsikira ku Karonga. Kuzambwe ndi kummwera udzu wokhawokha, ndi kadontho kakuda ka paini wa ku Chelinda. Tidakhala kuseri kwa mwala kubisala mphepo, tidatulutsa mbatata zootcha ndi tiyi wa m'fulasiki, ndipo m'mene tinkadya ndidamufunsa mnzathuyo ngati kwawo kumaoneka kuchokera pamenepo.

Adayamba waseka pang'ono, kenaka adaloza ndi mlomo kumene mtunda umayamba kutsika. "Kwathu kwenikweni ndi uko, adada, m'kati mwa paki. Agogo adagona kumeneko. Kumene tikukhala lero nkwina."

Nkhani yake njodziwika kwa aliyense wa ku Rumphi, Chitipa ndi Karonga, ngakhale mabuku a alendo amaidumpha. Kusunga malowa kudayamba pang'onopang'ono. Mu 1948 boma la atsamunda lidateteza kankhalango ka mitengo ya juniper, yonunkhira ngati mkungudza wa ku Mulanje. Mu 1965, dziko litangolandira ufulu, mtunda wa pamwambawu udalengezedwa kukhala paki yoyamba ya Malawi; ndipo popeza pamwamba penipeni padalibe midzi yambiri chifukwa cha kuzizira, chilengezocho chidapweteka makamaka alenje, ofula uchi ndi odutsa. Koma mu 1978 malire adafutukulidwa kuposa katatu, kufikira masikweya kilomita oposa 3,000, nameza mapiri otsikira m'mbali ndi nkhalango za m'munsi, mmene mudali midzi, minda, manda ndi malo a nsembe. Anthu zikwi adauzidwa kuti asamuke. M'masiku amenewo mawu a boma sankabwezedwa, ndipo mfumu imene ikadayesa kufunsa ikadadziitanira tsoka. Chotero adasenza mitolo, natsika. Ambiri adakaikidwa kumalo otentha a m'munsi, kumene matupi ozolowera mphepo ya kumapiri adakumana ndi malungo amene sadawadziwe, ndipo kumene nthaka idali kale ndi eni ake. Amene Mngoni adalephera kuwatsitsa ndi mkondo adatsitsidwa ndi kalata.

Msilikaliyo adasimba izi mopanda ukali, monga munthu wonena za mvula ya chaka chatha. Adati amayi ake, pokhala adatsika ali mtsikana, mpaka lero amatha kutchula mitsinje ya kwawo motsatana, ndi pamene padali munda wa nsawawa, ndi mtengo umene ankapachikapo ming'oma ya njuchi. Ndipo adati iye mwini poyendera nkhalango nthawi zina amapeza mabwinja, mafuwa atatu ali pomwepo, mphero yosweka, ndi nthochi zimene zidakana kufa. Ndidamufunsa ngati sizimuwawa kulondera malo amene abale ake adachotsedwamo, mwina nkugwira mwana wa mnansi wake atatchera msampha.

"Zimawawa, adada. Koma ndikaleka ine, abwera wina wosadziwa manda ali pati."

Pamenepa ndiyenera kunena chilungamo cha mbali inayo, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Udzu ndi madambo a Nyika zimamwa mvula ndi kuisunga, nkumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse; North Rukuru, amene amathirira chigwa cha Karonga, amachokera kuno, chimodzimodzi North Rumphi, Chelinda, Runyina ndi Wovwe, amene amazunguza makina a magetsi ndi kumwetsa minda ya mpunga kumunsi. Amene waona mmene mapiri ena a dziko lino adametedwera mpala ndi nkhwangwa ndi makala, mitsinje yake nisanduka mchenga, sangafulumire kunena kuti paki idalakwika kukhalapo. Kuno kuli maluwa a orchid a mitundu yoposa 200, amene amavala mtunda wonse m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ndi gulu la zilembwe limene ndi limodzi mwa magulu aakulu mu Africa. Zonsezi nzoona. Chimene ine ndimakana ndi chizolowezi cha ife alendo, akuda ndi oyera omwe, chofika pamwamba pano ndi kutamanda bata lake ngati kuti Namalenga ndiye adalisiya lopanda anthu, pamene m'mbali mwake batalo lidachita kupangidwa, ndipo amene adalipira mtengo wake ali moyo, akulima m'munsimu, akuliona phirili m'mawa uliwonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tidatsika dzuwa litapendeka, mawondo akunjenjemera kuposa pokwera, ndipo m'galimoto nkhani idatembenukira ku za lero. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, boma lidayamba kufewetsa dzanja: midzi yozungulira idapanga mabungwe, amene pamwamba pake pali Nyika-Vwaza Association, ndipo anthu amaloledwa, akatenga chilolezo, kupachika ming'oma ya njuchi m'kati mwa malire, kutola masuku ndi bowa, ndi kumweta udzu wofolerera, komanso gawo la ndalama zimene alendo amalipira pa chipata limayenera kubwerera kumidzi. Mu 2017 njovu 34 zidatengedwa pa malole kuchokera ku Liwonde kudzawonjezera za kuno. Mnzathuyo adati za njovuzo alendo amakondwa nazo, koma mwini munda wa chimanga wa m'malire ali ndi maganizo ena. Aphoka amene adatsala kunja kwa malire, cha ku Nchenachena ndi Mphompha, ambiri adagwira ulimi wa khofi, ndipo khofi wa m'mapiri awo amagulitsidwa mpaka kunja.

Chimene chimawasowetsa tulo a gemu masiku ano, adatero, si mfuti zokha ayi, koma khasu. Tizinthu tonga mbatata timene timamera pansi pa maluwa a orchid aja ndito amapangira chinaka, chakudya chimene ku Zambia amachitcha chikanda, ndipo msika wake wakula kotero kuti anthu amakwera usiku, amayi ndi ana omwe, nakumba dambo lonse, matumba nkuwolokera kutsidya kwa malire. Chinanso ndi moto: a gemu amatentha dala zigawo zina udzu usanaumitsitse kuti moto wa mu Okutobala usadzapeze chakudya, koma opha nyama amayatsa wawo pofuna msipu wokopa nyama, ndipo chaka chilichonse timankhalango ta m'makwawa timabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndidafunsa kuti akawagwira okumba chinakawo amatani nawo. Adati lamulo lilipo ndipo amalitsata, amawatengera kupolisi ku Rumphi. Koma adaonjeza kuti pa ulendo wonse wotsika phiri, wogwira ndi wogwidwa amakhala akulankhula chilankhulo chimodzi, ndipo kawirikawiri asanafike pa Thazima amakhala atapeza kale pamene pali ubale wawo.